Ndithandizeni: alowam'malo, aneni a nthawi yakale ndi aperekezi akundisokoneza m'Chingerezi

Nabanda wa ku Chirimba analemba:

Moni nonse. Ndine mayi wa ana atatu, ndimachita geni ya nsomba zouma, ndipo chaka chino ndabwerera ku sukulu ya masana kuti ndikalembenso mayeso a MSCE, chifukwa pamene ndinalemba koyamba ndinakhoza maphunziro ena koma Chingerezi chinandigwetsa, ndipo monga mukudziwa, munthu akalephera Chingerezi satifiketi siituluka. Sabata yatha aphunzitsi anatiuza kuti tilembe ndime yaifupi yofotokoza zimene tinachita Loweruka, ndipo ine ndinalemba motere:

"Last Saturday I have gone to see my aunt in Lunzu. He was not at home, so I waited her for two hours. When she came, I explained her my problem and she borrowed me K20,000. We discussed about the funeral. I didn't told my husband."

Pepala litabwera ndinapeza kuti mwalembedwa mizere yofiira isanu ndi iwiri. M'kalasi mwathu tilimo ambiri zedi, kotero aphunzitsi sanathe kukhala nane pansi kuti andifotokozere cholakwa chilichonse pachokha. Chimene chikundipweteka mtima n'chakuti mawu onsewa ndimawadziwa. Ndinaloweza mndandanda wa "go, went, gone" ndi "tell, told, told", ndimadziwa kuti "he" ndi mwamuna ndipo "she" ndi mkazi, ndipo aperekezi monga "to", "for" ndi "about" ndikhoza kuwatchula onse osayang'ana m'buku. Koma ikafika nthawi yowaika pamodzi m'chiganizo chimodzi, zinthu zimabalalika. N'chifukwa chiyani "I told her" ndi cholondola pamene "I explained her" n'cholakwika? N'chifukwa chiyani "waited" akufuna "for" koma "discussed" akukana "about"? Kodi pali lamulo limene ndingaligwire, kapena ndingoloweza chiganizo chilichonse? Amene mukudziwa chonde ndithandizeni, mayeso akuyandikira.

Mphunzitsi wopuma wa ku Dedza analemba:

Mayi Nabanda, mwachita bwino kulemba ndime yonse monga momwe munaiperekera, chifukwa zolakwa zanu zisanu ndi ziwirizi sizinangobwera mwangozi. Ndaphunzitsa Chingerezi ku sekondale zaka zambiri, ndipo ndikhoza kukuuzani kuti pafupifupi chilichonse mwa izo chili ndi muzu wake m'Chichewa chimene mumalankhula bwino kwambiri.

Tiyeni tiyambe ndi liwu limodzi lathu, lakuti "anandigulira". M'liwu limeneli muli "a-" amene akuimira wochita ntchito, "-na-" amene akusonyeza nthawi yakale, "-ndi-" amene akuimira ine, tsinde "-gul-", ndi "-ir-" amene akusonyeza kuti ntchitoyo inachitidwa pothandiza ine. Zinthu zisanu zamangidwa mtolo umodzi, ndipo inu simuganizako n'komwe pozimanga. Chingerezi chimamasula mtolo umenewu n'kuyala chilichonse pachokha pamzere: "She bought it for me." Wochita ali patsogolo, nthawi yalowa m'mneni, chogulidwa chikutsatira, kenako mperekezi, kenako mlowam'malo wina amene maonekedwe ake asintha. Vuto la ife a Chichewa lili pa kumasula mtolowu, chifukwa poyala timataya kanthu kena, kapena timaika kanthu kamodzi kawiri.

Tsopano funso lanu la "explained her". Inu simunganene kuti "ndinawafotokoza vuto langa". Mumati "ndinawafotokozera vuto langa". Mukati "ndinawafotokoza azakhali", mukutanthauza kuti munauza anthu ena za azakhaliwo, mmene alili ndi khalidwe lawo. Chingerezi chimasiyanitsa chimodzimodzi. "I explained her" akumveka ngati azakhali ndiwo nkhani imene munali kuifotokoza, ndipo ntchito ya "-er-" uja imagwiridwa ndi "to": "I explained my problem to her." Koma onani kuti pa "kuuza" timangoti "ndinawauza", popanda "-ir-" kapena "-er-", ndipo Chingerezi nachonso chimangoti "I told her". N'chimodzimodzi "ndinamumva" ndi "ndinamumvetsera": choyamba ndi "I heard him", chachiwiri ndi "I listened to him". Ophunzira anga ndinkawauza kuti akamva "-ir-" kapena "-er-" m'mneni wa Chichewa, aime kaye n'kudzifunsa ngati Chingerezi sichifuna mperekezi pamenepo. "Ndinawadikira" ndi "I waited for her". Musaope kuona "for" kawiri m'chiganizo chakuti "I waited for her for two hours", chifukwa woyamba ndi wa mneni "wait" ndipo wachiwiri ndi woyeza kutalika kwa nthawi.

"Discussed about" wachokera ku "za". Timati "tinakambirana za maliro", ndiye dzanja limathamangira kulemba "about". Koma "discuss" ananyamula kale "za" m'kati mwake, choncho timati "We discussed the funeral." Ngati mukufuna "about", sinthani mneni: "We talked about the funeral." Aneni ena a khalidwe lomweli ndi "enter" ndi "reach". Timati "He entered the house" ndi "We reached Lunzu", popanda mperekezi, ngakhale kuti m'Chichewa muli "m'nyumba" ndi "ku Lunzu".

Pa "borrowed me", liwu lathu lakuti kubwereka ndilo limasokoneza, popeza munthu akati "anandibwereka ndalama" pafunika kufunsa kuti ndalamayo inachoka m'thumba la yani. Gwiritsani ntchito mawu ena awiri amene alibe chisokonezo chimenechi: kukongola ndi kukongoza. Kukongola ndi "borrow", ndipo amayenda ndi "from". Kukongoza ndi "lend", amene nthawi yake yakale ndi "lent". Choncho munganene kuti "She lent me K20,000" kapena "I borrowed K20,000 from her". Ndalama yake ndi imodzimodzi, koma mwininkhani akasintha, mneni, mperekezi ndi mlowam'malo zonse zimasintha pamodzi.

Nkhani ya "I have gone" ndiyo imafuna kudekha. Ife tili ndi "ndinapita" ndi "ndapita", ndipo ambiri tinaphunzira kuti "ndapita" ndi "I have gone". Si bodza, koma Chichewa chimalola kuti munthu anene kuti "ndabwera dzulo", makamaka ngati akadali pamalo amene anafikapo. Chingerezi sichilola zimenezo. Mukangotchula nthawi imene inatha kale, monga "yesterday", "last Saturday", "in 2015" kapena "two days ago", mneni ayenera kukhala wa nthawi yakale yeniyeni: "Last Saturday I went". "I have gone" kapena "I have seen" mumusungire pamene simukutchula tsiku, monga "I have seen that film."

"Didn't told" ndi kuika chinthu chimodzi kawiri. M'liwu lakuti "sindinauze", "-na-" akuoneka kamodzi kokha. M'Chingerezi, pokana kapena pofunsa, nthawi yakale imanyamulidwa ndi "did", ndipo mneni weniweniyo amabwerera mmene amalembedwera mu dikishonale: "I didn't tell", "Did you tell him?" Amene safuna "did" ndi "was" ndi "were", amene amadzikanira okha ndi kudzifunsira okha: "She was not at home", "Was she at home?"

Chotsala ndi "He" amene munaika pa azakhali. Apa simunaiwale phunziro ayi. Chichewa sichisiyanitsa mwamuna ndi mkazi pa "iye" kapena pa "a-", choncho mutu wathu sunazolowere kufunsa funso limenelo usanalankhule. Palinso msampha wina pafupi pomwepo, wa ulemu. Timati "azakhali anabwera, ndinawalandira", ndipo ophunzira ambiri amalemba "they" pa munthu mmodzi pofuna kumulemekeza. Chingerezi sichiika ulemu m'mlowam'malo, ndipo kunena "she" za azakhali si mwano.

Ndime yanu ikakonzedwa ikhala motere: "Last Saturday I went to see my aunt in Lunzu. She was not at home, so I waited for her for two hours. When she came, I explained my problem to her and she lent me K20,000. We discussed the funeral. I didn't tell my husband."

Namwino wa ku Manchester analemba:

Achemwali a ku Chirimba, aphunzitsi afotokoza bwino magwero ake, ine ndingowonjezerapo zimene ntchito inandiphunzitsa. Kuno ku Britain namwino aliyense amalemba lipoti la wodwala pomaliza ntchito ya tsikulo, ndipo lipotilo ndi ziganizo za mtundu womwe mukufunsawu basi: ndani anachita chiyani, kwa yani, nthawi yanji. "She refused her tea at 4 p.m. I helped her into bed and stayed with her until her son came." Nditangofika ndinkasinthanitsa "he" ndi "she" polankhula mofulumira, ndipo tsiku lina mnzanga wolandira ntchito anandiimitsa n'kufunsa ngati amene anakana mankhwala anali mayi wa pa bedi loyamba kapena bambo wa m'chipinda china. Palibe choipa chinachitika, koma kuyambira tsiku limenelo ndinaona kuti kamawu ka zilembo ziwiri kapena zitatu kangathe kusokoneza chithandizo cha munthu. Ndinayamba kuona nkhope ya munthuyo m'maganizo ndisanayambe chiganizo, ndipo pang'ono ndi pang'ono lilime linazolowera.

Chimene ndikufuna mugwiritsitse n'chakuti mlowam'malo amasintha akakhala pambuyo pa mneni kapena pambuyo pa mperekezi. "I" amakhala "me", "he" amakhala "him", "she" amakhala "her", "we" amakhala "us", ndipo "they" amakhala "them". "You" ndi "it" okha ndiwo sasintha. Ife timati "ndi iye", "kwa iye", "za iye", ndipo "iye" amakhala yemweyo. M'Chingerezi ndi "with him", "to her", "about them", ndipo palibe mperekezi amene amatsatidwa ndi "he" kapena "she" mwa njira imeneyi.

Chachiwiri ndi "ku". Kamawu kameneka kanandivutitsa kuposa china chilichonse. Timati "ndinapita ku Blantyre", "ndinachokera ku Blantyre", "ndinafika ku Blantyre", "ndinkakhala ku Blantyre", ndipo "ku" sasintha chifukwa mneni ndiye akutiuza ngati munthu akupita, akuchoka kapena wakhazikika. Chingerezi chimasenzetsa mperekezi ntchito imeneyo: "I went to Blantyre", "I came from Blantyre", "I arrived in Blantyre", "I lived in Blantyre". Onani kuti "arrived" sayenda ndi "to". Pa mzinda kapena dziko ndi "arrived in", ndipo pa malo ang'ono monga depoti kapena chipatala ndi "arrived at". Choncho musamadzifunse kuti "ku" ndi chiyani m'Chingerezi, chifukwa funsolo lilibe yankho limodzi. Dzifunseni kuti mneni amene mwasankhayo amayenda ndi mperekezi uti.

Pa nthawi zinthu n'zosavuta kwenikweni. Ola limafuna "at", tsiku limafuna "on", ndipo mwezi kapena chaka chimafuna "in". Chiganizo chimene Mmalawi aliyense angachikumbukire ndi "Malawi became independent on 6 July 1964", koma mukachotsa tsikulo chimakhala "in July 1964" kapena "in 1964". Ndipo pamene pali "last", "this" kapena "yesterday", mperekezi amachokeratu, monga momwe munalembera molondola kuti "Last Saturday".

Chachitatu ndi khutu. M'Chichewa pafupifupi phatikizo lililonse limathera pa lembo la liwu, kotero kutchula "helped" kapena "walked" kumatilemera, ndipo ambiri timameza mapeto ake polankhula. Chimene pakamwa pameza, dzanja nalonso limachisiya polemba, ndiye munthu amalemba "Yesterday I walk to town" akudziwa bwinobwino lamulo la "-ed". Mapeto amenewa amatchulidwa m'njira zitatu. Mu "helped" ndi "walked" amamveka ngati t, mu "called" ndi "stayed" amamveka ngati d, ndipo amakhala phatikizo lapadera pokhapokha mneni akathera pa t kapena d, monga "waited" ndi "needed". Muziwerenga ndime yanu mokweza musanaipereke, mukutchula mapeto onsewa.

Ine ndinali ndi kope limene sindinkalembamo mneni payekha. Ndinkalemba chiganizo chathunthu chokhala ndi munthu weniweni amene ndimamudziwa: "I looked at him", "I looked for him", "I looked after him". Kumuyang'ana, kumufunafuna ndi kumusamalira ndi aneni atatu osiyana kwa ife, koma kuno ndi mneni mmodzi ndi aperekezi atatu.

Wophunzira za zilankhulo wa ku Zomba analemba:

Aphunzitsi a ku Dedza, mundikhululukire kuti ine mwana ndiikepo mlomo, koma ndikuopa kuti amayiwa angatenge njira ya "-ir-" ngati lamulo losaphonya, n'kukakhumudwa m'mayeso. Njirayi imathandiza kudzutsa munthu, koma siuza kuti mperekezi wake ndi uti, ndipo nthawi zina imasocheretsa. "Anandibera" ndi "He stole from me". "Anandikwiyira" ndi "She was angry with me". "Anandiphikira" ndi "She cooked for me". Mphatikiri wake, "-ir-" kapena "-er-", ndi mmodzi yemweyo, koma aperekezi ndi atatu osiyana. Ndiye pali aneni amene alibe "-ir-" konse koma Chingerezi chikufuna mperekezi: "anandiseka" ndi "They laughed at me", ndipo "anandiyang'ana" ndi "He looked at me". Komanso "anandigulira diresi" akhoza kukhala "She bought me a dress", popanda "for".

Amayi anafunsa chifukwa chimene "told her" amaloledwa pamene "explained her" saloledwa, ndipo mbali ina ya yankho ili m'mbiri ya Chingerezi. Aneni monga "tell", "give", "lend", "send", "show" ndi "bring" ndi akale kwambiri m'chilankhulochi, ndipo amalola kuti munthu wolandira abwere molunjika pambuyo pa mneni: "She gave me the money." Aneni monga "explain", "describe", "suggest" ndi "announce" anachokera ku Chilatini, ena kudzera m'Chifalansa, m'zaka mazana angapo zotsatira chaka cha 1066 pamene Anormani, ochokera kumpoto kwa France, analanda England, ndipo ambiri mwa iwo salola kamangidwe kameneka, amafuna "to". Ngakhale apa pali opatuka, chifukwa "say" ndi liwu lakale koma timati "She said to me", osati "She said me", pamene "offer" ndi "promise", amene magwero awo ndi a Chilatini, amalola "She promised me".

Mbiri yomweyi ikufotokozanso zina zimene zimaoneka ngati zopanda mutu. "Went" sanali wa "go" poyamba, anali nthawi yakale ya mneni wina, "wend", ndipo analanda malo. "They", "them" ndi "their" anabwera ndi ma Viking ochokera ku Scandinavia amene anakhazikika kumpoto ndi kum'mawa kwa England. "You" kale anali wa anthu ambiri ndiponso waulemu, ngati "inu" wathu, pamene "thou" anali ngati "iwe", koma "thou" anatha m'kalankhulidwe ka tsiku ndi tsiku ndipo lero timamupeza m'Baibulo la King James la 1611 ndi m'nyimbo zakale za tchalitchi. Choncho Chingerezi chinali nawo ulemu wa m'mlowam'malo, koma chinautaya pamene aliyense anayamba kutchedwa "you".

Ndikunena izi kuti amayi asadzione ngati operewera nzeru akapeza kuti lamulo silikugwira paliponse. Kulibe nzeru imene ingamuuze munthu kuti "listen" afuna "to" pamene "hear" safuna, ndipo ngakhale ana a ku London amaziphunzira pomva, chiganizo ndi chiganizo. Ndionjezerenso kuti "discuss about" ndi "borrow me" amamveka pakati pa olankhula Chingerezi m'maiko ambiri a mu Africa, ndipo pamsika kapena m'minibasi palibe amene angalephere kumva tanthauzo. Koma wochonga mayeso amatsata Chingerezi cha m'mabuku, ndipo ndi chimenecho chimene amayi akufunika kuchigwira chaka chino. Kope la anamwino ndilo ndingalilimbikitse kwambiri.

Nabanda wa ku Chirimba analemba:

Zikomo kwambiri aphunzitsi, anamwino ndi inu achimwene a ku Zomba. Nkhani ya kukongola ndi kukongoza yanditsegula maso, ndipo ndagula kale kope la masamba 40 loti ndizilembamo ziganizo. Ndayesa kulemba ndime ina yokhudza Lamulungu, ndikusamala pa "he" ndi "she" ndi pa nthawi ya aneni. Chonde muione:

"On Sunday my sister and me went to home by a minibus. We found my father sick, so we took him to the hospital on the evening. The nurse looked at him and gave to him some medicine. My brother picked up us at 8 o'clock."

Pa "my sister and me" ndinakayika, chifukwa ndamvapo anthu ophunzira akunena "between you and I", ndiye sindikudziwa kuti "I" amabwera liti ndipo "me" amabwera liti pakakhala anthu awiri. Ndiponso ndinaika "on the evening" potsatira zija zakuti tsiku limafuna "on", koma ndikaliwerenga mokweza silikumveka bwino.

Mphunzitsi wopuma wa ku Dedza analemba:

Choyamba ndivomereze zimene wanena mnyamata wathu wa ku Zomba. Wanena zoona, ndipo zitsanzo zake za "anandibera" ndi "anandiseka" n'zabwino kuposa zimene ndikanapereka ine. "-ir-" ndi belu lokudzutsani basi, mperekezi weniweniyo mukamupeze mu dikishonale, pansi pa mneni, pamene pamakhala ziganizo za chitsanzo.

Mayi Nabanda, onani kaye zimene zakhoza. Aneni onse ali m'nthawi yakale yolondola: "went", "found", "took", "looked", "gave", "picked". Bambo anu mwawatcha "him" kuyambira poyamba mpaka pomaliza, osawasandutsa "them" kapena "her". "On Sunday", "at 8 o'clock", "took him to" ndi "looked at him" zonse zili m'malo mwake. Mavuto amene atsala ndi a mtundu wina.

Pa anthu awiri, chotsani mnzanuyo kwa kanthawi n'kumva chimene chatsala. Simunganene kuti "me went", choncho polemba ndi "my sister and I went". Koma "He gave the money to my sister and me" ndi cholondola, chifukwa mukachotsa achemwali anu patsala "to me". Mudzamva anthu ambiri, ngakhale eni chilankhulo, akunena "me and my sister went" pocheza, koma m'mayeso musalembe choncho. "Between you and I" amabwera chifukwa anthu anadzudzulidwa kwambiri pa "me" ali ana mpaka anayamba kumuopa paliponse. "Between" ndi mperekezi, ndipo monga ananenera anamwino, pambuyo pa mperekezi pamabwera "me": "between you and me".

"Home" akakhala kumene munthu akulowera safuna "to": "We went home", "She came home". Koma ngati munatanthauza kumudzi, ndi bwino kunena kuti "We went to the village" kapena "to my father's house", ndipo pamenepo "to" amabwerera. Ponena njira ya kayendedwe, "by" amatsatidwa ndi dzina lopanda "a": "by minibus", "by bicycle", "by train". Woyenda pansi ndiye amapita "on foot".

Khutu lanu silinakunamizeni pa "on the evening". Zigawo za tsiku zimafuna "in": "in the morning", "in the afternoon", "in the evening", koma usiku ndi "at night". Mukaphatikiza chigawocho ndi dzina la tsiku, tsikulo ndilo limalamula, ndiye timati "on Sunday evening".

"Gave to him some medicine" ndi kusakaniza njira ziwiri zimene zonse n'zololedwa paokha. Munthu akayamba, "to" palibe: "gave him some medicine". Chinthu chikayamba, "to" amabwera: "gave some medicine to him". Ngati chinthucho mwachitcha "it", njira yosakayikitsa ndi yachiwiri: "She gave it to him."

Chomaliza ndicho chovuta pang'ono. "Up" wa mu "pick up" amaoneka ngati mperekezi koma pano ndi gawo la mneni, ndipo aneni otere amatsegula pakati kuti mlowam'malo alowe. Ndi dzina mungasankhe, "He picked up the children" kapena "He picked the children up", koma ndi mlowam'malo njira ndi imodzi yokha: "He picked us up." N'chimodzimodzi "She woke me up", "I switched it off", "They turned him down". Izi n'zosiyana ndi "looked at him", "waited for her" ndi "looked after them", m'mene muli aperekezi enieni amene mlowam'malo amawatsatira. Poyesa, ikanipo dzina n'kuona ngati kamawuko kangasunthire kumapeto. "Picked the children up" akumveka bwino, choncho mlowam'malo alowa pakati. "Looked the children at" n'zosatheka, choncho mlowam'malo akhala kumapeto.

M'kope mwanu mutsegule tsamba lapadera la aneni otsegula pakatiwa, ndipo aliyense mumulembe ndi "me", "him", "us" ndi "it". Ndime ya Lamulunguyi muikonze nokha potsatira zimene ndanenazi, kenako mulembe ina ya tsiku limene munakagula nsomba kunyanja, muikemo "paid for", "agreed with", "arrived at" ndi chiganizo chimodzi chokana chokhala ndi "didn't". Mukaziika pano Lachisanu lisanafike ndidzaziona.